Moto Pansi, Anapiye Pamwamba

"Iyayi, ine sinikana, mangani. Nifunsa chabe. Moto pansi, nkhuku pamwamba: kwanu ku Feira icho muchitcha kusunga olo kuwotcha?"

Wofunsayo anali a Lawson, atatsamira njinga yawo m'mphepete mwa dzenje. M'dzenjemo munali alamu awo, a Tenson, atagwada, akuyala njerwa m'ngalande yokhotakhota ngati njira ya mfuko. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Nipaseni njerwa iyo ili pafupi na mwendo wanu."

"Nizakupasani. Koma muniuze tsiku, nibwere na mchere na anyezi."

"Mubwere na mbale yanu. Zathu zonse zili kale kwanu."

A Lawson anaseka mpaka njinga inagwa. Anapereka njerwayo, anaperekanso ina osapemphedwa, kenaka anakwera njinga kukafalitsa kugolosale kuti alamu awo akumangira azimayi chitofu chachikulu kuposa cha kuhotela.

Umu munali mu Meyi 1984, ku Bundabunda, mphepo ya chisanu itayamba kale kuluma madzulo. Chimene a Tenson ankamanga chinali khola la anapiye la kalabu ya azimayi a mpingo, ndipo m'nyumba mwawo munalibe amene ankachiseka.

A Tenson sanali mwana wa kuno. Anabadwira ku Feira, kumene Luangwa amathira mu Zambezi, dziko lotentha lomwe chisanu amangochimva m'nkhani. Anafika m'dera la Chongwe akuyenda wapansi, ndevu zikungomera kumene, pofuna ntchito m'mafamu a azungu a mbali ya ku Kasisi. Anaipeza pafamu ya fodya. Anayamba ndi kusenza nkhuni, kenaka anawaika pang'anjo za mabalani, nyumba zazitali za njerwa zija zoumitsiramo fodya. M'balani simukhala moto. Moto umakhala kunja, m'ng'anjo, kutentha kwake n'kumayenda m'mapaipi achitsulo oyalidwa pansi, utsi n'kukatulukira kuchumuni osakhudza tsamba. Ntchito ya wosonkhezera ndi kudziwa powonjezera chikuni, pochichotsa, ndi potsegula kapena kutseka timabowo ta mpweya ta m'munsi ndi m'mwamba mwa khoma.

Lamulo loyamba, limene kapitawo anawalowetsa m'mutu ndi mawu ndi makofi omwe, linali lakuti fodya akangolowa, tseka zonse. Masiku oyamba tsamba limafuna kutentha kofatsa ndi chinyezi, lichite thukuta lakelo mpaka lisanduke lachikasu. Ukatsegula msanga limauma lili lobiriwira, ndipo mawa lake umakhala uli panjira ndi mtolo wako. Mpweya umauloleza pambuyo, pang'onopang'ono, ngati mlendo wosamudziwa bwino.

Ntchito imeneyi anaigwira zaka zoposa makumi awiri, mpaka anafika pomanga okha ng'anjo ndi machumuni. Anatulukamo ndi zinthu ziwiri. Choyamba chinali dzanja: akangokhudza khoma ndi kuseri kwake ankadziwa ngati moto ukufuna chikuni kapena ayi. Chachiwiri chinali mphuno yakufa. Utsi ndi fumbi la fodya zinawaphera fungo, moti nsomba yowola ndi sopo wa kutauni kwa iwo zinali chimodzimodzi.

Ufulu utabwera, mzungu uja anakhalabe zaka zingapo, kenaka anagulitsa famu n'kupita kummwera. Wogulayo ankafuna chimanga ndi ng'ombe za mkaka. Mabalani anasanduka mosungira feteleza, ndipo munthu wa moto analibenso chochita. A Tenson anatsatira akazi awo, a Nelesi, kwawo ku Bundabunda, kumene alongo awo a Nelesi, a Lawson aja, anawadulira munda pafupi ndi chulu. Kulima sikunawayanje. Mizere yawo inkakhota, kupalira ankachedwa, ndipo nkhokwe yawo inali yoyamba kuonetsa pansi pake chaka chilichonse. Anthu sankawada ayi. Ankangowatchula kuti "bamuna ba Nelesi," monga mmene umatchulira mpando umene mkazi anabwera nawo kuchokera kutauni.

Nkhani ya khola inayamba ndi maliro a anapiye. Chaka cham'mbuyo kalabu inalandira anapiye a tsiku limodzi, amene sisitere wina wa kumishoni anawaitanitsira ku Lusaka. Anapiye otero alibe make, amafuna kuwafunditsa. Azimayi anawafunditsa ndi nyali za palafini. Koma zaka zimenezo chinthu chikasowa m'sitolo chinkasowa ngati chamwalira, ndipo palafini anasowa pakati pa Juni. Anaika mbaula. M'mawa wina anapeza anapiye ataunjikana pakona, apansi atafa ndi kupsinjidwa, apamwamba ndi utsi wa makala. Azimayi ena anachoka mu kalabu. Sisitere ananena poyera kuti ayesanso kamodzi kokha, zikakanika lole sidzabweranso.

Pamsonkhano wotsatira, a Nelesi, amene kuyambira kale ankangokhala kumbuyo akuluka, anaimirira.

"Bamuna banga bangamange khola losafuna palafini."

A Rosaria, apampando a kalabu, mayi wamtali amene mawu ake ankamveka mpaka kuchigayo, anawayang'ana nthawi yaitali.

"Amake Jenala, mukamba na pakamwa panu olo bakutumani?"

"Na pakamwa panga."

"Nanga tukafa futi?"

"Muzanifunsa ine."

Ndiye nkhani inali pamenepo. Anapiye akafa, kalabu yatha, ndipo a Nelesi adzakhala moyo wawo wonse m'mudzi wakwawo ali mayi amene anaphetsa kalabu podalira mwamuna wolephera ngakhale kuwongola mzere. A Tenson anamva zimenezi akudya, anasiya kudya, ndipo m'mawa mwake anayamba kuumba njerwa.

Kumayiko ozizira nyumba zina amaziyalira mapaipi a madzi otentha pansi pa simenti, munthu n'kumayenda wopanda nsapato m'nyumba, kunja madzi ataundana. Ku Bundabunda kunalibe amene anamvapo zimenezo, ndipo a Tenson akanauzidwa akanangofunsa kuti nkhuni zake amakazitola kuti. Iwo ankamanga balani lalifupi, basi. Ng'anjo anaiika kunja kwa khoma la kum'mawa, kumunsi kwa malo otsetsereka. Ngalande inalowa pansi pa khola, inakhota uku ndi uku, n'kukatulukira kuchumuni kumadzulo, ikukwera pang'ono njira yonse chifukwa utsi sukonda kutsika. Mapaipi kunalibe, choncho anaivundikira ndi migolo yakale ya phula imene okonza msewu wa ku Chipata anaitaya m'tchire, ataiphwanya n'kuiwongola ndi nyundo. Pamwamba pake anathira dothi la pachulu, lochindikala pafupi ndi ng'anjo, lopyapyala cha kuchumuni, kuti pansi ponse pafunde mofanana. Azimayi anabwera kudzazira ndi dothi losakaniza ndowe, kuzira n'kuziranso, mpaka panalibe mng'alu woti utsi n'kutulukira. Denga la udzu analimata kunsi kwake ndi matope pa bango.

M'makoma anasiyamo timabowo, tina m'munsi, tina pansi pa denga. Atamaliza anatitseka tonse ndi zidutswa za njerwa, n'kumatapo.

"Manje mabowo ni a chani ngati mwayatseka?" anafunsa a Rosaria.

"Ni a Okutobala. Kukayamba kupya muzazimya moto, muzatsegula ng'anjo na mabowo. Mphepo izayenda pansi mwamene muyenda utsi, nkhuku zizagona pozizira."

"Ohoo. Tifike kaye ku Okutobala."

Lole inafika kumayambiriro a Juni ndi makatoni awiri obowolabowola, akulira ngati muli mbalame za m'dambo lonse. Moto unali utayaka kuyambira dzulo lake. Azimayi anayala makoko ouma a mtedza, anaika madzi m'zivundikiro za mapoto, n'kutsegula makatoni. Anapiye anatuluka akunjenjemera, anayenda pang'ono, kenaka mmodzimmodzi anayamba kugwa chafufumimba, miyendo atatambasula, tulo. Sanaunjikane. Anamwazikana pansi ponse ngati maluwa a dzungu. A Nelesi anaima pakhomo atagwira pakamwa.

A Lawson nawo anabwera. Anavula nsapato imodzi, n'kuponda pansi.

"Mulamu, munimangireko na ine pansi pa bedi. Bakazi banga mapazi yao ni ayisi."

Tsiku lomwelo a Tenson anaika malamulo awo. Chitseko chizikhala chotseka, ndi thumba lolendewera kumbuyo kwake. Azilowa mayi mmodzi yekha, athire chakudya ndi madzi, atuluke msanga. Odzaona asamalowe. Iwo anasamutsira mphasa yawo pafupi ndi ng'anjo, ndipo m'mawa uliwonse ankalowa, kukhudza pansi ndi kuseri kwa dzanja pakona iliyonse, n'kutuluka mpweya usanathawe. Sabata yoyamba sanafe ngakhale mmodzi. Kutchalitchi azimayi amene anachoka mu kalabu anayamba kupereka moni wautali kwa a Nelesi.

M'sabata yachiwiri makoma anayamba kuchita thukuta. A Tenson anapaka chala pakhoma, anaona kunyowa, mtima unakhala pansi. Kwa munthu wa fodya chimenecho ndi chizindikiro cha balani lomangidwa bwino, losataya kanthu. Sanaganizeko zoti madzi amenewo akuchokera m'zitosi za anapiye, amene tsopano ankadya ndi kumwa kawiri kuposa poyamba, ndi m'madzi otayikira pa dothi lofunda.

"Mununkha maningi mukati," anatero mayi wina potuluka, akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Khola lililonse linunkha," anayankha a Tenson. Iwo sankamva kalikonse.

Kenaka anapiye anayamba kuyetsemula. Ena maso anatupa n'kumatirira. Ena ankangoima, milomo ili yasa, chakudya chili patsogolo pawo. M'mawa wina anatola akufa angapo. A Tenson anati mwina chisanu chalowera penapake. Anamata ming'alu ya m'mbali mwa chitseko, anawonjezera chikuni. Mawa lake akufa anachuluka. Wina anatchula chitopa, koma nkhuku zachikuda za m'mudzi zinali kupalasa bwinobwino kuseri kwa khola lomwelo. A Nelesi anasiya kugona. Akufawo ankawakulunga m'chitenje n'kukawakwirira okha kuseri kwa chulu, anthu asanayambe kudutsa.

Koma m'mudzi simubisika maliro, ngakhale a anapiye. Lachinayi dzuwa litakwera, a Rosaria anafika ndi azimayi a kalabu, aliyense atanyamula dengu. A Lawson anali pambuyo pawo, chifukwa nkhani yotere sinkawapita.

"Amake Jenala, munakamba kuti tizakufunsani. Tabwera kufunsa."

"Funsani."

"Sitifuna nkhondo. Tigawane twamene twatsala, aliyense akasunge kukhitchini kwake pansi pa dengu. Twakufa tufe m'manja mwa mwine wake. Kalabu tizaiona kutsogolo."

Aliyense anadziwa kuti kutsogolo kumeneko kulibe. Anapiye akangomwazikana m'madengu, za kalabu zathera pomwepo, ndipo dzina la woiphetsa linali lodziwika kale.

A Tenson anadzuka pang'anjo, akupukuta manja pa buluku.

"Bamayo, nipaseniko masiku. Moto uli bwino, pansi pali bwino. Gwirani mweka."

"Pansi sitikana. Manje tufa na chani? Bazimayi bakamba ati mukati simupumika. Bwanji osatsegulako mabowo yanu aya?"

"Masiku oyamba sutsegula. Ni lamulo. Uyembekeza mpaka chikasu chibwere, ndiye…"

Anaima. Anali atamva okha chimene anena. Koma a Lawson anali atachigwira kale.

"Chikasu? Mulamu! Utu tunabwera kale twachikasu mu katoni! Muyembekeza chikasu cha bwanji futi? Olo mufuna mukatupange mabelo, mukagulitse ku okushoni?"

Azimayi anaseka, ena mobisa, ena mosabisa. A Nelesi sanaseke.

"Ba Rosaria, khalani pansi pang'ono, napapata." Kenaka anatembenukira kwa amuna awo. "Atate ake Jenala, lowani."

"Nalowa kale kuseni."

"Munalowa na kutuluka. Masiku onse mulowa na kutuluka monga mwaiwala chipewa. Manje lowani mukhale. Pansi, pamene pali twana. Ine nizakuuzani potulukira."

Pa zaka zonse za ukwati wawo a Nelesi anali asanawalamulepo pagulu. A Tenson anayang'ana akazi awo, anayang'ana madengu, anawerama n'kulowa. Anamva chitseko chikutsekedwa, ndi msana wa a Nelesi ukutsamira kunja kwake.

Mkati munali mdima wofunda, kuwala kukungolowera pa kagalasi kamodzi ka m'khoma. Ali chiimire sanamve vuto lililonse. Kutentha kunali kwabwino, kofatsa, kumene kapitawo wakale akanakuyamikira. Anakhala pansi. Makoko a mtedza anali onyowa, omata ngati phala. Anatsamira chigongono, anatsitsa mutu mpaka unafanana ndi mitu ya anapiye.

Mphuno sinawauze kanthu. Anayamba ndi maso. Ankaluma ngati wina wawathira tsabola, misozi n'kumangotsika yokha. Kenaka kukhosi kunayamba kukanda. Anakoka mpweya, koma unali ngati wogwiritsidwa kale ntchito, sunkafika pansi pa chifuwa. Anakokanso. Mutu unayamba kulemera.

Akupukuta misozi anaona chinthu chimene m'mawa monse muja sankachiona, chifukwa potsegula chitseko anapiye ankabalalika. Tsopano anali atabwerera. Onse amene anali ndi mphamvu anali atathinana pachitseko, pamalo ozizira kuposa ena onse, milomo ataloza pa kampata kakang'ono kamene matope awo sanafike. Pansi pofunda paja, pamene iwo anavutikira kuyeza dothi, panatsala odwala okhaokha.

M'balani munthu sakhalamo. Umalowa, kugwira tsamba, kutuluka. Palibe chifukwa chokhaliramo, pakuti mulibe chopuma. Fodya amalowa m'balani atathyoledwa kale, ndipo luso lonse limene a Tenson analiphunzira linali lotsogolera chinthu chakufa kuti chife bwino. Anagona pomwepo kanthawi ndithu, akutsokomola, akuyang'ana kamwanapiye kamene kanaima pafupi ndi dzanja lawo, kakutsegula ndi kutseka mlomo monga mmene iwo ankachitira.

Anagogoda.

"Amake Jenala, tsegulani."

"Mwamvera kununkha?"

"Mphuno ilibe kanthu. Ni menso."

"Khalani futi pang'ono."

"Tsegulani, mayo. Namvera."

Anatuluka nkhope itanyowa, maso ali psuu.

"Balira!" anafuula a Lawson. "Bantu imwe, mulamu balira maliro ya nkhuku!"

A Tenson anapita kukatenga chitsulo chawo chogobera ndi nyundo. Azimayi ena anati atsegule mabowo onse ndi chitseko chomwe, koma iwo anapukusa mutu. Mphepo ya Juni ikanalowa yonse, chisanu chikanamaliza zimene fungo linayamba. Anazungulira khola kawiri akukhudza khoma. Anaima pa kabowo ka m'munsi koyandikana ndi ng'anjo, pamene njerwa zinali zotentha, n'kugoba. Mpweya wolowera apo, anatero, uzidutsa pa njerwa zamoto, ufike mkati utafunda kale. Mkati mwake anaimikapo njerwa ziwiri kuti usawombe anapiye mwachindunji koma uzikwera. Kenaka anakwera pa mtondo wogadabuza, kumadzulo, kumene mphepo siwomba, n'kutsegula kabowo ka pansi pa denga pafupi ndi chumuni, kuti mpweya woipa uzitulukira kumeneko.

Anatola kanthenga pansi, anakagwira pakamwa pa bowo la m'munsi, n'kukasiya. Kanayandama pang'ono, kenaka kanamezedwa kulowa mkati.

"Uyenda," anatero.

"Makoko aya yachoke yonse," anatero a Nelesi, atavula kale chitenje chapamwamba. "Ali na youma kunyumba abweretse."

A Rosaria anatenga dengu lawo n'kulowa nalo m'khola, osati kukatenga anapiye koma kukawola makoko onyowa. Enawo anatsatira. Pomaliza ntchito apampando anapachika dengu lawo pansi pa denga, pamene aliyense wodutsa akanaliona.

"Tizayembekeza mpaka pa Sondo. Madengu tisiya pano."

Lachisanu anafanso angapo, amene anali atapita kale patali. A Nelesi anawakwirira masana, anthu akuona. Loweruka anafa awiri. A Tenson tsopano ankalowa n'kukhala pansi, nthawi yokwanira kuti maso awauze zimene mphuno inkakana, kenaka n'kutuluka kukakulitsa kapena kuchepetsa bowo ndi kachidutswa ka njerwa. Nkhuni zinkapita zambiri kuposa kale, chifukwa moto tsopano unkafunditsa ndi mpweya wodutsa womwe. Zimenezi zinkawapweteka mumtima, ngati kuthira madzi m'chidebe chobowoka, koma makoma anauma. Lamlungu m'mawa sanatole wakufa. Anapiye anali atachoka pachitseko, akuthamangitsana pansi ponse, timapiko tawo titayamba kumera nthenga zoyera.

Misa itatha azimayi anadutsira kukhola. Analowa awiriawiri, ndipo a Tenson sanaletse. Potuluka aliyense anatsitsa dengu lake n'kuliika pamutu lopanda kanthu. Panalibe zolankhula, panalibe kuwomba m'manja. Ku Bundabunda munthu akalakwa amauzidwa ndi mudzi wonse, akakhoza amangoona anthu akupitiriza ntchito. A Rosaria anatsala pambuyo, akumanga duku, kuti agawe ntchito ya mawa.

"Amake Jenala, mailo ni imwe na ba Perpetua pa madzi. Musachedwe."

"Sitizachedwa."

Anapiye otsala anali ochepera pa amene anabwera, koma okwanira kuti lole idzabwerenso. A Nelesi anafika kunyumba, anagona pamphasa dzuwa lili pamutu, ndipo sanadzuke mpaka nkhuku zikulowa.

Bowo lili ndi alendo ake. Patangopita masiku ochepa a Tenson anapeza nthenga ndi kamwendo kamodzi pakamwa pa bowo la m'munsi lija. Khoswe anali atapeza njira yofunda yopita kumene kuli nyama. Kulitseka sakanatha, kulisiya chomwecho sakanathanso. Anayesa kulukapo timitengo, koma mawa lake anapeza titatafunidwa. Pankafunika waya wa timaso ting'onoting'ono, wonga wa m'mawindo a kumishoni.

Anabwereka njinga ya a Lawson.

"Mukaipeza mukagule na ya pakamwa panga," anatero eni njinga. "Niziwa ndiye yamene mufuna maningi."

Ku Chongwe masitolo anali monga mmene ankakhalira zaka zimenezo: mashelefu aatali, polishi ya nsapato, machesi, ndi wogulitsa akuwodzera. Waya wa m'mawindo anati anamuona komaliza chaka chatha. Pachipata cha msika anyamata a chipani anafuna kuona khadi. A Tenson analitulutsa m'thumba la malaya, analibweza, n'kulowa akukankha njinga. Kumapeto kwenikweni kwa msika, kuseri kwa ogulitsa kapenta, anapeza mkulu wina wokhoma zidebe ndi mbaula. Pamwamba pake panalendewera masefa a ufa, a matabwa atsopano, waya wake ukunyezimira.

"Ba tate, nigulitseniko waya chabe. Kang'ono, monga apa."

"Waya nigulitsa shani? Nikagulitsa waya, sefa nizapanga na chani? Gulani sefa."

"Sinifuna kusefa."

"Mukagula ni yanu. Olo muivale kumutu."

A Tenson anatsitsa imodzi, anakanikiza waya ndi chala chachikulu, anaibweza. Anatsitsa ina. Yachitatu inali yolimba, yokhomedwa misomali pafupipafupi. Anaiyeza ndi chikhatho: inkakwana bowo la m'munsi, n'kutsalako ya bowo la m'mwamba. Analipira.

Pakaliyala sinkakhazikika, choncho anaikoleka pa chiwongolero, ikugunda belu pa bampu iliyonse. Pamlatho azimayi ochapa anaiona.

"Ba tate, bakazi banu bali na mwayi! Muli na mng'ono wanu wosakwatira?"

Anakweza dzanja osaima.

Anafika dzuwa litapendeka. A Nelesi anali pakhonde. Analandira sefayo ndi manja awiri, anaitembenuza, anayang'ana kumwamba kudzera m'timaso take. Yawo ya m'nyumba inali yazigamba, yosokedwa ndi ulusi wa thumba.

"Yabwino iyi. Ndiye mufuna kuidula?"

"Nizaidula."

"Yembekezani. Nisefeko kamodzi chabe."

A Tenson anakhala pa chitsa, mpeni uli pa bondo, n'kuyembekeza.